Manambala Anayi: Kusankha Laibulale Yodulira Zithunzi pa Webusaiti

 Nkhani ya lero ikuoneka yaing'ono zedi pa chikalata chokuitanani. Ndikudziwa kuti ena mwanong'onezana pakhomo paja kuti, "Ola lathunthu kukamba za kudula chithunzi?" Khalani bwinobwino, mwina nthawi itichepera.

Ntchito yake mukuidziwa. Mwapatsidwa kuti mulembe pulogalamu ya pa intaneti: ya sukulu yolembetsera ophunzira, ya bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama, kapena ya sitolo yogulitsa zovala. Penapake pakufunika chithunzi. Munthu asankha chithunzi m'foni mwake, chioneka pa sikirini chili ndi kabokosi pamwamba, iye asuntha kabokosiko mpaka nkhope itakwana, n'kudina batani. Inu simukufuna kulemba kabokosiko kuyambira pansi, ndipo mukuganiza bwino, poti ena analemba kale. Ndiye mutsegula npm kapena GitHub, pabwera malaibulale ambirimbiri. Ambiri a ife timasankha motere: tiyang'ana imene ili ndi nyenyezi zochuluka, titsegula tsamba lake lachionetsero pa laputopu, tisuntha kabokosi ndi mouse, zatikomera, basi tatenga.

Mfundo yanga lero ndi imodzi. Laibulale yodulira zithunzi imagwira kachigawo kakang'ono ka ntchito yonseyi, ndipo mavuto amene adzakuchititseni kuimbiridwa foni usiku ali kunja kwa kachigawoko. Choncho muziisankha pomaliza, mutayankha kaye mafunso ena, ndipo muzisankha yoti tsiku lina mudzaichotse popanda kulembanso pulogalamu yonse.

Taonani chimene chimachitika munthu akamasuntha kabokosi kaja. Palibe chimene chikudulidwa. Laibulale ikungowerengera manambala anayi: kabokosi kayambira pati kuchokera kumanzere, kayambira pati kuchokera pamwamba, m'lifupi mwake ndi ma pixel angati, m'litali mwake ndi angati. Mu code timawatchula kuti x, y, width ndi height. Malaibulale ena amawonjezera nambala yachisanu, ya mmene chithunzi chatembenuzidwira. Telala asanagwire sizasi amayamba walemba mizere pansalu ndi choko. Laibulale ndi chokocho. Sizasi ili kwina, ndipo funso loyamba kwa inu ndi lakuti muiika kuti.

Amene anatitsogolera ankadziwa zimenezi chifukwa analibe njira ina. Jcrop, imene Kelly Hallman anatulutsa mu 2008 pamwamba pa jQuery, inkangokupatsani manambala. Inu n'kuwatumiza ku seva, PHP n'kudula ndi GD kapena ImageMagick. Nayo imgAreaSelect, imene WordPress yagwiritsa ntchito zaka zambiri pa tsamba lake lokonzera zithunzi, ndi ya mtundu womwewo. Kenaka mabulawuza anakhala ndi canvas, komanso njira yowerengera fayilo ya munthu isanatumizidwe, ndipo kunabwera malaibulale odula okha: Croppie ya kampani ya Foliotek, ndi Cropper.js ya Chen Fengyuan wa ku China, imene inayamba ngati chowonjezera cha jQuery isanaime payokha mu 2015. React itafala, zinthu zinabwerera mwakale: react-easy-crop ya Valentin Hervieu ndi react-image-crop ya Dominic Tobias kwenikweni zimakupatsani manambala, kudula n'kwanu. Ophunzira ena akaona zimenezi amakhumudwa, amati malaibulale ake ngosamalizidwa. Ine ndimati olemba ake anadziwa pamene ntchito yawo yathera.

Sizasi ikakhala m'foni mwa munthu, chimene chimapulumuka ndi bandulo. Chithunzi cha foni ya masiku ano chimalemera ma megabyte angapo. Nkhope yomweyo ikadulidwa kukhala 600 kwa 600 n'kusungidwa ngati JPEG imakwana bwinobwino pansi pa ma kilobyte 240, amene ndi malire amene boma la America limaika pa chithunzi cha maere a visa a DV; amene munathandizapo achibale kulembetsa mukukumbukira mmene nambalayi imavutitsira. Kusiyana kumeneku sikumveka mu ofesi ya Wi-Fi. Amakumva ndi mayi wa ku Ntchisi amene wagula bandulo ya tsiku limodzi, netiweki ikubwera n'kumapita, ndipo pa foni kutumiza kumachedwa kuposa kulandira. Fayilo yaikulu ikadukira panjira iye ayambiranso, bandulo itha, fomu isanafike.

Koma mtengo wake ulipo, ndipo ndikupemphani kuti tiwerengere limodzi. JPEG ndi chithunzi chofinyidwa. Kuti bulawuza ichiike pa canvas imayenera kuchifunyulula chonse, ndipo pixel iliyonse imatenga ma byte 4: kufiira, kubiriwira, buluu, ndi kuonekera. Kamera ya ma megapixel 12 imatulutsa 4032 kwa 3024, amene ndi ma pixel 12,192,768. Chulukitsani ndi 4. Ndi ma megabyte pafupifupi 49 a RAM, pa fayilo imene m'foni inali ya ma megabyte atatu kapena anayi. Mafoni otchipa ambiri tsopano amadzitama ndi ma megapixel 48 kapena 50, ndipo munthu akayatsa mphamvu yonse ya kamera, 8000 kwa 6000 ndi ma megabyte 192. Laibulale yosasamala imasunga makope awiri kapena atatu nthawi imodzi. Pa itel kapena Tecno ya RAM ya 2 GB, Android imangolitseka tsambalo. Munthu aona fomu yabwerera poyambira, zonse analemba zafufutika, ndipo kwa inu sikufika uthenga uliwonse wakuti kwavuta. Iye amangoti pulogalamu yanu njabodza, n'kuuza anzake. Pa iPhone, kwa zaka zambiri Safari inali ndi malire a ma pixel 16,777,216 pa canvas imodzi, ndiye kuti 4096 kwa 4096. Mukapyola malire a canvas mumatenga chithunzi chopanda kanthu.

Mankhwala ake ngodziwika, koma ali m'manja mwanu, laibulale siikupatsani. Chithunzi muchichepetse kaye musanachipereke kwa laibulale. Pa nkhope ya pa khadi, ma pixel 1600 mbali yaitali ndi okwana n'kutsalako. Pochionetsa gwiritsani ntchito URL.createObjectURL, musachisandutse base64, chifukwa base64 imalemba ma byte 3 aliwonse ndi zilembo 4, fayilo n'kukula ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Potulutsa gwiritsani toBlob m'malo mwa toDataURL, imene imaumitsa tsamba mpaka itamaliza. Ndipo tchulani mtundu wa fayilo. Mukapanda kutchula, canvas imakupatsani PNG, ndipo chithunzi cha kamera chikasungidwa ngati PNG chingalemere kuposa chosadula chija. Munthu wadula theka la chithunzi, fayilo yakula! Zimachitika kawirikawiri, ndipo mlandu umagwera laibulale yosalakwa. Mukamayesa laibulale, funsani ngati ikukulolani kusankha zinthu zimenezi kapena ikukusankhirani mobisa.

Sizasi ikakhala ku seva, mumakhala ndi zida zamphamvu: sharp ya Lovell Fuller pa Node.js, imene imayenda pa libvips. Pillow pa Python. Intervention Image kwa a Laravel. Mumasunga chithunzi choyambirira, ndipo chaka chamawa bwana akati makadi asinthe maonekedwe mumangodulanso osavutitsa anthu. Pa nyuzipepala kapena sitolo, pamene chithunzi chimodzi chimafunika m'misinkhu inayi, njira ndi imeneyi. Pa chithunzi cha nkhope, ine ndimadula m'foni. Koma mundimvetse: ngakhale mutadula m'foni, seva iyenerabe kutsegula fayiloyo, kuiyeza ndi kuilembanso mwatsopano. Aliyense wodziwa curl angathe kulumpha tsamba lanu n'kutumiza chimene akufuna. Mu 2016 vuto lotchedwa ImageTragick linkalola munthu kuyendetsa malamulo pa seva pongotumiza fayilo yonamizira chithunzi ku ImageMagick. Mu September 2023 vuto la mu libwebp linachititsa kuti mabulawuza onse akuluakulu atulutse zigamba mwachangu. Pillow imayamba kuchenjeza chithunzi chikapitirira ma pixel pafupifupi 89 miliyoni, chifukwa kafayilo kakang'ono kangathe kufunyuluka n'kudzaza RAM yonse ya seva. Chenjezo limenelo musalizimitse chifukwa choti likusokosa.

Pali kamsampha kena pa manambala anayi aja. Kodi akuwerengedwa pa chithunzi chenicheni, kapena pa chimene chikuoneka pa sikirini? Chithunzi cha 4032 m'lifupi chingaonetsedwe mu ma pixel 360. Mukatumiza ku seva manambala a pa sikirini, idula kachidutswa ka pakona yakumanzere, mupeza denga la nyumba m'malo mwa nkhope. Laibulale yabwino imanena momveka kuti manambala ake ndi ati, kapena imawapereka ngati maperesenti, amene sasintha kaya chithunzi chakula kaya chachepa. Yosanena zimenezi m'malangizo ake ndimaisiya pomwepo.

Tsopano tifike pa nkhani imene yadya maola a olemba mapulogalamu kuposa ina iliyonse pa mutuwu: chithunzi chogona chammbali. Mukagwira foni choimika n'kujambula, mafoni ambiri satembenuza ma pixel. Amawasunga mmene kamera yawaonera, chogona, n'kulemba kachizindikiro mkati mwa fayilo, m'chigawo chotchedwa EXIF, kouza woonetsa kuti atembenuze. Kachizindikiroka kali ndi manambala 1 mpaka 8; 1 ndiye kuti siyani chomwecho, 6 ndiye kuti tembenuzani madigiri 90 kulowera kumanja. Kwa zaka zambiri mabulawuza sankakalabadira, choncho malaibulale anaphunzira kukawerenga okha n'kutembenuza. N'chifukwa chake Cropper.js yoyamba ili ndi checkOrientation, ndipo Croppie ili ndi enableExif. Ndiye mu 2020 mabulawuza anasintha: Chrome kuyambira mtundu 81, Firefox ndi Safari chaka chomwecho, zinayamba kutembenuza zokha. Code imene dzulo inali yolondola inayamba kutembenuza kawiri. Palibe amene anakhudza mzere ndi umodzi womwe, koma anthu anayamba kuoneka chogona pa makadi awo. Laibulale imene inasiya kukonzedwa chisanafike chaka chimenecho muziikayikira pa chifukwa ichi chokha.

Ndipo ngati mukudula ku seva, kumbukirani kuti manambala anatengedwa pa chithunzi chotembenuzidwa kale. Seva iyambe yatembenuza, kenaka idule. Mu sharp mumaitana rotate wopanda nambala musanaitane extract. Mu Pillow muli ImageOps.exif_transpose. Mukasemphanitsa ndondomekoyi, zithunzi zojambulidwa chogona zituluka bwino, zojambulidwa choimika zituluka zolakwika, ndipo mutha sabata mukusaka vuto mu JavaScript.

Ndipatukeko pang'ono. Chifukwa chimene ambiri a ife sitiona mavutowa poyesa n'chakuti zithunzi zoyesera timazitenga pa WhatsApp. WhatsApp imachepetsa chithunzi n'kuchotsa EXIF chisanakufikeni, pokhapokha chitatumizidwa ngati document. Ndiye mukuyesa ndi chithunzi chimene wina wachichotsa kale minga yonse. Zoyesera muzikopera pa chingwe kuchokera m'foni, kapena muzijambula pa tsamba lanu lomwelo.

EXIF yomweyo imasunga zina. Imasunga mtundu wa foni, tsiku ndi nthawi, ndipo GPS ikakhala yoyatsa, imasunga malo enieni. Mu December 2012 John McAfee, uja wa pulogalamu yophera ma virus, ankathawa apolisi a ku Belize. Atolankhani a magazini ya Vice amene anali naye anaika pa intaneti chithunzi chojambulidwa ndi iPhone osachotsa EXIF, ndipo tsiku lomwelo anthu anawerenga kuti ali ku Guatemala. Patangopita masiku ochepa anamangidwa komweko. Tsono ganizirani za pulogalamu yanu ya chipatala, kapena ya amayi othawa nkhanza m'banja. Canvas imataya EXIF yonse, choncho wodula m'foni wapulumuka osadziwa. Nayo sharp imaitaya pokhapokha mutaiuza kuti isunge. Koma wosunga chithunzi choyambirira mu foda yotseguka kwa aliyense wasunga mapu a kunyumba kwa munthu.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa munthu akadula chithunzi nthawi zambiri sakufuna kukongoletsa chabe. Akuchotsa mwana amene anaima pambali pake. Akuchotsa nambala ya chiphaso cha unzika, nambala ya galimoto, chikwangwani cha sitolo chosonyeza kumene amakhala. Akadina batani amakhulupirira kuti zimene wachotsazo zapita. Mu March 2023 ofufuza awiri, Simon Aarons ndi David Buchanan, anaulula vuto limene linatchedwa aCropalypse. Pulogalamu ya Markup ya m'mafoni a Google Pixel inkalemba chithunzi chodulidwa pamwamba pa fayilo yakale osafupikitsa fayiloyo, moti mbali yaikulu ya chithunzi choyambirira inkatsalira kumapeto, yotheka kuibweza. Patapita masiku ochepa zinadziwika kuti Snipping Tool ya Windows 11 inali ndi vuto lofanana. Zithunzi zimene anthu anali atatumiza kale kwa zaka zingapo palibe amene akanazikonza.

Amenewo ndi Google ndi Microsoft, ndipo vuto lawo linali lobisika pansi. Ife timachita choposa pamenepo, poyera. Timasunga manambala anayi mu database, n'kumaonetsa chithunzi chonse kudzera pa kawindo ka CSS, object-fit kapena overflow hidden. Chimaoneka chodulidwa. Wina akadina kumanja n'kutsegula chithunzicho pachokha, achiona chonse, mwana uja ali pomwepo. Mwinanso tadula zenizeni, koma choyambirira chili pa adiresi yosavuta kulota, yongosiyana liwu limodzi. Kuyambira 2024 Malawi ali ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act, ndipo MACRA ndiyo inapatsidwa udindo woliyang'anira. Nkhope ya munthu ndi malo amene amakhala ndi uthenga wa munthuyo. Ngati simukufuna choyambirira, chifufuteni. Ngati mukuchifuna, chitsekereni kumene adiresi yokha siingachitsegule, ndipo muuzeni mwini wake kuti mwasunga. Palibe laibulale imene idzakuchitireni zimenezi.

Za HEIC ndingodutsapo. Kuyambira iOS 11 mu 2017 iPhone imasunga zithunzi mu mtundu umenewu, ndipo Chrome ndi Firefox siziuonetsa. Safari ya pa foni nthawi zambiri imasandutsa JPEG potumiza, koma fayilo ikakopedwa pa kompyuta n'kutumizidwa kuchokera kumeneko, kabokosi kanu kadzakhala pa sikirini yoyera. Muuzeni munthu momveka kuti mtunduwo simukulandira, kapena usandutseni ku seva. Chimodzimodzi nkhope yozungulira: fayilo imakhalabe ya makona anayi, kuzungulirako mupange ndi border-radius. JPEG ilibe kuonekera, ndiye mukadula bwalo lenileni makona ake atuluka akuda bii.

Tikayankha zonsezi, tsopano tingayang'ane laibulale yeniyeniyo, ndipo choyamba kuyang'ana ndi chala. Pali mitundu iwiri ya kabokosi. Wina, chithunzi chimaima, munthu n'kumakoka makona a kabokosi. Umu ndi mmene react-image-crop ndi Jcrop zimachitira. Wina, kabokosi kamaima, munthu n'kumasuntha chithunzi kumbuyo kwake, n'kumachikulitsa ndi zala ziwiri. Umu ndi mmene Croppie ndi react-easy-crop zimachitira. Cropper.js imatha zonse ziwiri malinga ndi mmene mwaiuzira. Ndi mouse pa sikirini yaikulu, mtundu woyamba ngwabwino, makamaka kwa mkonzi wa nyuzipepala amene akufuna kudula mmene akufunira. Pa foni ya sikirini yong'aluka, chala cha munthu wogwira khasu chikusaka kadontho kakang'ono pakona, mtundu woyamba ndi chilango. Ngati msinkhu wa chithunzi ngokhazikika, monga 35 kwa 45 wa mamilimita a chithunzi cha pasipoti, imitsani kabokosi, musunthitse chithunzi. Yesaninso ngati tsamba lonse likutsetsereka pamene munthu akukoka chithunzi. Malaibulale ena amalimbana ndi tsamba pa chala chimodzi chomwecho.

Alipo amene sangathe kukoka n'komwe: wonjenjemera manja, wogwiritsa ntchito kiyibodi yokha. Malangizo a WCAG 2.2, amene anatuluka mu October 2023, amati chilichonse chochitika pokoka chikhale ndi njira ina yongodina. Mabatani awiri okulitsira ndi kuchepetsera, ndi mivi inayi, akwana. Pali amene amatsegula tsamba lanu mu Opera Mini atayatsa njira yosungira data kwambiri, mmene JavaScript imayendera ku seva ya Opera ndipo kukoka sikugwira ntchito. Kwa iwo fomu ilolebe kutumiza chithunzi chosadula, seva idule pakati. Ndiye pali chilankhulo. Laibulale imene imabwera ndi mabatani akeake olembedwa m'Chingerezi mkati mwa code idzakuvutitsani tsiku limene mudzafune kulemba "Dulani" ndi "Tembenuzani", kapena kumasulira m'Chitumbuka. Yopanda mawu alionse ndi imene ine ndimakonda.

Wina afunsa kuti, bwanji kompyuta isamadule yokha? Mu 2018 Twitter inayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yophunzitsidwa kulota kumene diso la munthu limayamba kugwera, n'kumadula zithunzi pamenepo. Mu September 2020 anthu anayamba kuiyesa ndi zithunzi zazitali, Barack Obama mbali ina, Mitch McConnell mbali ina, ndipo ambiri anaona kuti ikusankha nkhope yoyera. Mu May 2021 kampaniyo inatulutsa kafukufuku wake, kuvomera kuti pulogalamuyo inkakondera azungu kuposa anthu akuda, ndipo inati kudula chithunzi n'chisankho choyenera kusiyira munthu. Laibulale yaing'ono ya smartcrop.js ya Jonas Wagner imanena poyera m'malangizo ake kuti, mwa zina, imasaka malo amene mtundu wake ukufanana ndi khungu. Funso lathu ndi lakuti, khungu la ndani? Sindikuletsani kuigwiritsa ntchito. Iyeseni pa nkhope za anthu anu, zojambulidwa madzulo pakhonde magetsi atathima, ndipo chimene yasankha chikhale poyambira chabe, munthu athe kusuntha.

Chatsala ndi moyo wa laibulale. Nyenyezi za pa GitHub zimakuuzani kuti inatchuka kale. Sizikuuzani kuti ilipo wina akuisamala lero. Yang'anani tsiku la mtundu wotsiriza, ndipo tsegulani madandaulo: sakani mawu akuti iOS, orientation, memory, muone ngati alipo amene akuyankha. Croppie yakhala zaka zingapo osatulutsa mtundu watsopano. Jcrop yakale imafuna jQuery, ndipo kukoka jQuery yonse chifukwa cha kabokosi kamodzi n'kulipitsa munthu bandulo pachabe. Komanso kusamalidwa kuli ndi mavuto ake. Cropper.js 2, imene inatuluka mu 2025, inalembedwanso pa Web Components, ndipo kaitanidwe kake n'kosiyana kotheratu ndi koyamba: getCroppedCanvas kulibenso. Maphunziro ambiri a pa YouTube, mayankho a pa Stack Overflow, ngakhale zokutira za React ndi Vue, zinalembedwera mtundu woyamba. Wophunzira alemba npm install, atenga wachiwiri, akopera code ya woyamba, palibe chimene chiyenda. Khomani nambala ya mtundu mu package.json, ndipo werengani malangizo a mtundu umene mwakhomawo.

Fayilo ya laibulale muisunge pa seva yanu, musaikoke pa adiresi ya wina nthawi iliyonse tsamba likatseguka. Mu 2024 adiresi ya polyfill.io inagulitsidwa, ndipo mu June chaka chomwecho inapezeka ikutumiza code yoipa ku mawebusaiti opitirira 100,000 amene ankaidalira. Laisensi muiwerenge: Cropper.js, Croppie ndi react-easy-crop zili pa MIT, react-image-crop pa ISC, zonse zololeza malonda. Pintura ya Rik Schennink njolipira, ndipo njabwino ndithu ngati mukufuna mkonzi wathunthu wa zithunzi, wosintha kuwala ndi kulembapo mawu. Koma musanaiike m'pulogalamu ya kasitomala, gwirizanani kuti adzalipire ndani, ndi khadi liti, mmene ndalama zakunja zikuvutiramu.

Mukufuna ndikutchulireni maina, ndipo sindithawa. Pa React, chithunzi cha nkhope, anthu a mafoni: react-easy-crop. Pa React, mkonzi wa pa kompyuta wodula momasuka: react-image-crop, imene njopepuka, siidalira laibulale ina, ndipo imamva kiyibodi. Pa tsamba la PHP, Django kapena JavaScript wamba: Cropper.js, mtundu mutaukhoma. A Vue ali ndi vue-advanced-cropper, a Angular ngx-image-cropper. Ngati chimene mukufuna n'chakuti zithunzi za katundu zioneke zofanana pa tsamba, ndipo palibe chinsinsi chobisa, simukufuna laibulale, object-fit yakwana.

Iliyonse imene mwatenga, muitsekere mu fayilo imodzi yanu. Lembani component kapena function imodzi imene imalandira fayilo ndi msinkhu wofunika, n'kubweza manambala anayi kapena Blob. Dzina la laibulale lisapezeke pena paliponse m'pulogalamu. Bulawuza ikadzasinthanso monga inachitira mu 2020, kapena mwini laibulale akadzatopa, mudzasintha fayilo imodziyo masana amodzi. Ndipo musanagamule, tengani malaibulale awiri, muwayendetse pa foni yotchipa kwambiri imene mungabwereke, pa data ya TNM kapena Airtel, Wi-Fi mutazimitsa. Apatseni chithunzi choimika chochokera mu kamera, china cha ma megapixel 48, china cha HEIC, kachithunzi kochepa kuposa kabokosi, PNG yoonekera, ndi fayilo ya PDF imene mwaisintha dzina kukhala .jpg. Imene yapirira, kapena yalephera mokuuzani chifukwa chake, ndiyo yanu.

Ambiri mwa inu muli kale ndi pulogalamu imene ikulandira zithunzi za anthu pakali pano. Pempho langa ndi ili: musanagone lero, tumizani chithunzi chanu pa pulogalamuyo, muchidule, mutuluke mu akaunti, kenaka muyese kutsegula choyambirira pa adiresi yake. Chikatseguka, mawa m'mawa muyambire pamenepo.